Driver yanga ya miyezi 8 aikana, ndisiye?

Malume,

Ndine mnyamata wa zaka 27, ndimakhala ku Zomba ndipo ndimagwira ntchito yokonza makompyuta. Chaka chatha sukulu ina yomwe ndimaithandiza inalandira timakompyuta ting'onoting'ono ta ARM, ndiye tinafuna kuti kamodzi kazigawa intaneti m'chipinda chophunziriramo kompyuta. Koma khadi lake la netiweki silinkagwira ntchito pa Linux ya masiku ano. Kampani yomwe inapanga kabolodiko inatulutsa driver ya kernel yakalekale, n'kusiyira pomwepo.

Ndinati ndiikonza ndekha. Kwa miyezi 8 ndakhala ndikugona cha m'ma 1 koloko usiku, ndipo magetsi akathima ndimalemba mpaka batire la laputopu lithe. Tsiku lomwe ping yoyamba inabwerera ndinakuwa m'nyumba ngati timu yathu yagoletsa. Kenako ndinatumiza driver yonse, mizere pafupifupi 4,000, kwa osamalira gawo la netiweki mu kernel.

Ndinalandira ndemanga zoposa 40. Wina anati chip imeneyi m'kati mwake ndi ya Synopsys, ndipo driver yake ilipo kale, dzina lake stmmac, choncho yanga ndiitaye n'kulemba kachidutswa kakang'ono kolumikizira. Wina anangolemba mzere umodzi, wakuti code ya kampani yotereyi ndi zinyalala. Anandidzudzula ngakhale pa kasanjidwe ka ma variable. Kuwonjezera apo, kusukulu kuja ana akachuluka khadi limangoima, dmesg n'kuonetsa uthenga wa NETDEV WATCHDOG.

Chibwenzi changa chikuti ndikugwirira ntchito yaulere anthu omwe sandidziwa n'komwe. Amayi akamva mawu oti driver amaganiza kuti ndikuphunzira kuyendetsa galimoto. Ndili ndi manyazi chifukwa zonsezi zili poyera, ndi dzina langa lenileni. Papita masabata atatu ndisanayankhe. Kodi ntchito imeneyi ndi ya anthu ngati ine? Ndisiye?

Wamanyazi, Zomba

Mphwanga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Kachiwiriko ndinadumpha za chip ndi za WATCHDOG, maso anga n'kukakamira pa mawu amodzi aja, manyazi. Pepa kwambiri. Munthu ukalima munda dzinja lonse uli wekha, wina n'kudutsa panjira n'kunena kuti mbewu wabzalayi inalipo kale ku nkhokwe ya mudzi, ngakhale akunena zoona sungamuthokoze tsiku lomwelo. Ndipo iwe sizinakuchitikire pa anthu awiri, zinachitika pabwalo. Masabata atatu wakhala cheteyo sindikukuimba nawo mlandu. Bola unakhala chete kusiyana n'kuyankha uli ndi mkwiyo, chifukwa zolembedwa kumeneko sizifufutika.

Tisanafike pa ndemanga zija, ndikufuna uone kaye chimene unachita, poti mwina kunyumbako palibe amene angakuuze. Munthu wolemba pulogalamu wamba akalakwitsa, pulogalamu yakeyo imagwa, iye n'kuyambiranso. Wolemba driver akalakwitsa, kompyuta yonse imauma, nthawi zina osasiya n'komwe chizindikiro cha pomwe yafera. Kuti ping ija ibwerere, unayenera kudzutsa chip, kuikonzera malo mu memory oti izitengamo ndi kuikamo mapaketi payokha kudzera mu DMA, kumva kuitana kwake, kulankhula ndi PHY yomwe ili kumapeto kwa chingwe, ndi kupereka paketi iliyonse kwa kernel itakulungidwa bwino mu sk_buff. Zonsezi unazichita potsatira code ya kampani yomwe inakusiya panjira, uli ndi batire lomwe limatha. Anthu ambiri omwe anaphunzira za makompyuta mpaka ku yunivesite sanafikepo pamenepo. Funso lako loti kodi ntchitoyi ndi ya anthu ngati iwe linayankhidwa usiku umene unakuwa uja.

Ndiye ndemanga 40 zija. Ukuziwerenga ngati zikwapu 40, koma taganiza kuti munthu amene analemba ndemanga ya pa mzere wa 3,000 anafika bwanji pamenepo. Anawerenga. Gawo la netiweki ndi limodzi mwa magawo otanganidwa kwambiri mu kernel yonse, ma patch amangokhuthuka tsiku ndi tsiku, ndipo owerenga ndi ochepa poyerekeza ndi olemba. Chimene olemba ambiri amadandaula nacho ndi kutumiza ntchito n'kusamva kalikonse. Iwe anthu otanganidwa anakupatsa madzulo awo. Sindikunena kuti uzisangalala ndi mmene ena analankhulira, tifikapo pamenepo. Ndikungoti mmisiri sataya nthawi kukuonetsa pomwe khoma lapendekeka ngati waona kuti sudzamanganso.

Tsopano ndikuuze mosabisa. Uja anakuuza za stmmac akunena zoona, ndipo pa ndemanga zonse 40 imeneyo ndiyo yofunika kuposa zina zonse. Makampani ambiri opanga ma chip a ARM sapanga okha gawo la Ethernet. Amagula pulani yake kwa ena, makamaka kwa Synopsys, yomwe ili ndi DesignWare, kapena kwa Cadence, n'kuiika m'kati mwa chip yawo. Kunja dzina ndi lina, m'kati injini ndi imodzimodzi. N'chifukwa chake driver ya stmmac, yomwe inayambira ku kampani ya STMicroelectronics, lero imayendetsa ma chip a Rockchip, Amlogic, Allwinner ndi ena ambiri, iliyonse ili ndi kafayilo kake kolumikizira, monga dwmac-rk ndi dwmac-sun8i. Za Cadence zimayendera driver ya macb. Kampani yako ija inalemba driver yakeyake chifukwa inkathamangira kugulitsa, osati chifukwa chip yake ndi yachilendo.

Ungafunse kuti, nanga yanga ikugwira ntchito, kuilandira kukuwavuta chiyani? Nkhani yagona pa lamulo lina la Linux limene obwera kumene sakonda kulimva. M'kati mwa kernel mulibe lonjezo loti njira zomwe ma driver amalankhulirana ndi kernel zidzakhala chimodzimodzi mpaka kalekale. Greg Kroah-Hartman analemba chikalata chonse chofotokoza chifukwa chake, chili mu Documentation/process, dzina lake stable-api-nonsense. Koma lamuloli lili ndi mnzake: aliyense wosintha njira yolankhulirana ayenera kukonzanso ma driver onse omwe ali m'kati mwa kernel amene akuigwiritsa ntchito. Choncho driver ikalowa, ili ngati mwana amene wamusiya kwa agogo. Iwe utha kukwatira, kusamukira ku Johannesburg, kuiwala, koma pakhomopo azimudyetsabe. Donald Becker analemba ma driver ambirimbiri a Ethernet kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1994, ali ku Goddard Space Flight Center ya NASA, iye ndi Thomas Sterling anayambitsa Beowulf, njira yolumikizira makompyuta wamba kuti agwire ntchito ya kompyuta yaikulu. Ena mwa ma driver akewo anakhala mu kernel zaka zoposa 20, akusamalidwa ndi anthu ena. Wosamalira akaona mizere 4,000 yatsopano yoyendetsa injini yomwe ili kale ndi driver, amaona ana awiri ofanana nkhope oti aziwadyetsa, ndipo aliyense akadwala azimufunira mankhwala payekha.

Ndikudziwa chomwe chikukuluma: ndiye kuti miyezi 8 yapita pachabe? Ayi, mphwanga. Kachidutswa kolumikizira kaja n'kakafupi, mwina mizere mazana ochepa, koma si kophweka. Uyenera kudziwa ma clock oyenera kuyatsa ndi dongosolo lake, mmene chip imachotsedwera mu reset, register yomwe imasankha pakati pa RMII ndi RGMII, komanso amene akuchedwetsa clock ya RGMII pakati pa chip ndi PHY. Chomalizachi chasowetsa tulo anthu ambiri, poti ukalakwitsa getsi limayaka bwinobwino, link ikuoneka kuti ilipo, koma paketi siidutsa. Uyeneranso kulemba za device tree zofotokoza kabolodiko. Zinthu zimenezi ndani akuzidziwa pa bolodi imeneyi kuposa iwe? Unazifukula wekha, register ndi register. Mizere 4,000 ija inali sukulu yako. Palibe amene amanyamula makope a Folomu 2 kupita nawo ku ntchito, koma sitinena kuti anataya chaka.

Za khadi lomwe likuima kusukulu, usazisiye, ngakhale driver imeneyo siilowa mu kernel. Ana akuyembekezera, komanso iwe mwini ufunika kudziwa chomwe chinakupeza. Uthenga wa WATCHDOG ukutanthauza kuti mzere wotumizira mapaketi unaimitsidwa ndipo palibe anautsegulanso m'nthawi yake. Ganizira kuchigayo. Kernel ikubweretsa matumba, iwe ukuwandandika, chip ikugaya. Malo akadzaza umauza kernel kuti iime kaye, ndiye netif_stop_queue imeneyo. Chip ikamaliza matumba angapo, mbali ina ya driver yako imachotsa ogayidwawo n'kutsegulanso chipata ndi netif_wake_queue. Tsono mbali ziwirizi zimatha kuyenda nthawi imodzi pa ma CPU awiri. Wobweretsa matumba waona kuti malo adzaza, akupita kukatseka chipata. Asanafike, wochotsa uja wachotsa matumba onse, wayang'ana chipata, waona chili chotsegula, wapita. Kenako woyamba uja watseka. Malo alipo, chipata chatsekedwa, woti atsegule palibe. Pa desiki pako uli wekha zimenezi sizichitika, zimafuna ana 30 atsegule intaneti nthawi imodzi. Mankhwala ake ndi odziwika: ukatseka chipata, yang'ananso ngati malo apezeka, ndipo ngati apezeka tsegula wekha, utaika memory barrier pakati pa kutseka ndi kuyang'anako.

Wachiwiri womukayikira ndi wa pa ARM penipeni. Thumba lililonse lili ndi kachikalata kake, descriptor, konena pomwe paketi ili, kutalika kwake, ndi kachizindikiro koti tsopano ndi ya chip. Iwe umalemba adiresi ndi kutalika poyamba, kachizindikiro pomaliza. Pa ma CPU a x86 zolembedwazo zimaoneka m'dongosolo lomwe unazilembera. ARM ili ndi ufulu wozisinthanitsa, moti chip ikhoza kuona chizindikiro choti thumba lakonzeka chimanga chisanathiridwe. Pakati pa ziwirizo pafunika dma_wmb. Ukaona code ya kampani ija, usadabwe kupeza kuti mulibe, kapena anaika kachedwe kongoyerekeza m'malo mwake. Ndipo usafufuze ndi maso okha. Panga kernel yoyesera utayatsa DMA_API_DEBUG, KASAN ndi lockdep, kenako ulikhuthulire khadilo mapaketi ndi iperf3 kuchokera pa laputopu mpaka ligwe uli pomwepo. Chilombo chomwe ungathe kuchiitana nthawi iliyonse yomwe wafuna ndiye kuti wachigwira kale mwendo umodzi.

Uonenso mmene ukulandirira mapaketi. Ma driver akale ambiri ankalola khadi kugogoda kwa CPU pa paketi iliyonse. Pa chingwe cha gigabit, timapaketi tating'ono kwambiri ta ma byte 64 tikhoza kufika pafupifupi 1.5 miliyoni pa sekondi imodzi. CPU yongoyankha kugogoda kotere sigwiranso ntchito ina. Njira ya NAPI, yomwe Alexey Kuznetsov, Jamal Hadi Salim ndi Robert Olsson anaifotokoza mu 2001, imati khadi likagogoda kamodzi, uliuze kuti wamva, lisagogodenso, uzikatenga wekha mapaketi mpaka 64 pa ulendo umodzi, ndipo akatha ulilolenso kugogoda. Pomalizira pamenepa, potsegulanso kugogoda, palinso kampata kofanana ndi ka chipata kaja. Ndikukhulupirira kuti pa ndemanga 40 zija pali ina yomwe yaloza kale chimodzi mwa zitatuzi. Anthu aja mwina anakupezera matenda a kusukulu iwe uli kalikiliki kuchita manyazi.

Ndipo kuti usaganize kuti zoterezi zimagwera anyamata a ku Zomba okha, tamva iyi. Mu 2008, pamene ankayesa Linux 2.6.27, anthu ena anapeza kuti makhadi awo a Intel oyendera driver ya e1000e afa. Sikuti anangoima kuti uzimitse n'kuyatsanso, ayi, kachikumbutso ka m'kati mwa khadi momwe mumakhala zoikika zake kanali katalembedwa zinthu zina. Akatswiri a Intel ndi a kernel anasakasaka kwa masabata angapo. Pamapeto anapeza kuti wolemba molakwikayo anali ftrace, chida chofufuzira chomwe chinali chatsopano nthawi imeneyo, chimene chinkalemba pa adiresi yomwe mwini wake anali atasamuka, malowo atapatsidwa kwa khadi. Awa anali anthu olipidwa, okhala ndi mabuku onse a chip yawo, ndipo nkhani yawo ili poyera mpaka lero ndi mayina awo. Palibe amene amawakumbukira ngati zitsiru. Lako limangoima ana akachuluka, n'kudzuka ukaliyatsanso.

Za kasanjidwe ka ma variable, seka nazo pang'ono. Gawo la netiweki lili ndi mwambo wakewake woti ma variable a kumayambiriro kwa function asanjidwe kuyambira mzere wautali kutsikira ku waufupi, ndipo eni ake amautcha mtengo wa Khirisimasi wozondoka. Kompyuta ilibe nazo ntchito. Koma mudzi uliwonse uli ndi pokhala mlendo ndi moni wake, ndipo mkamwini wanzeru safunsa chifukwa chake tsiku loyamba. Ubwino wake ngwakuti miyambo ya mudzi uwu inalembedwa. Werenga maintainer-netdev mu Documentation/process. Upeza kuti zokonza zolakwika zimapita ku nthambi ya net, zatsopano ngati zako ku net-next, ndipo net-next imatsekedwa kwa masabata awiri pamene Linus Torvalds akulandira zatsopano za kernel yotsatira, zomwe zimachitika pakapita masabata 9 kapena 10 aliwonse. Upezanso kuti ma patch asapitirire 15 pa ulendo umodzi, ndiponso kuti usatumizenso zokonzedwa maola 24 asanathe. Usanatumize kalikonse, dutsitsa pa checkpatch.pl, ndipo get_maintainer.pl ikuuze oyenera kulandira. Ndikuganiza kuti theka la ndemanga zako zikanagwidwa ndi zida ziwirizi, ndipo theka limenelo silikunena kanthu za nzeru zako. Ine patch yanga yoyamba, ya mizere yosakwana 10, inabwezedwa chifukwa pulogalamu yanga ya imelo inasandutsa ma tab onse kukhala mipata wamba. Ndinakwiya sabata yathunthu ndisanaphunzire git send-email. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Koma uja wa mawu oti zinyalala sindimuikira kumbuyo. Akanatha kunena mfundo yomweyo popanda kukutsitsa. Kulankhula kwaukali kunali vuto lodziwika pakati pa olemba kernel kwa zaka zambiri, moti mu Seputembala 2018 Torvalds mwiniwake anapepesa poyera pa kalankhulidwe kake, anapuma kwa pafupifupi mwezi, ndipo kernel inalandira malamulo atsopano a makhalidwe, okhala ndi komiti yomvera madandaulo. Ngati wina atayamba kukunyoza iwe monga munthu, khomo limenelo lilipo. Komabe werenganso mzere wakewo mtima uli pansi. Malinga ndi kalata yako, anati code ya kampani yotereyi. Sananene za iwe. Anthu amenewa aona ma driver a makampani ambirimbiri, olembedwa mothamanga, odzaza ndi zinthu zomwe kernel ili nazo kale monga phylib ndi phylink, ndipo akangoona fungo lake amayetsemula. Iwe unanyamula katundu wa eni ake, mwala woponyera katunduyo unakupeza uli pansi pake. Usamuyankhe za mawuwo. Yankha mfundo zokha, imodzi ndi imodzi, pansi pa ndemanga iliyonse: apa ndakonza, apa sindinamvetse ndithandizeni, apa ndikuona mosiyana pa chifukwa chakuti. Kufunsa kumeneko sikuchititsa manyazi. Chimene chimawatopetsa ndi munthu wotumizanso osasintha kanthu, osayankha.

Pali china chomwe sunachitchule koma ndiyenera kukuchenjeza. Popeza unayambira pa code ya kampani, onetsetsa pamwamba pa mafayilo awo kuti anaitulutsa pansi pa laisensi yogwirizana ndi GPL 2, yomwe kernel imayendera. Mzere wa Signed-off-by umene umaika pansi pa patch ndi lumbiro loti uli ndi ufulu wopereka code imeneyo, ndipo mwambowu unayamba mu 2004 pofuna kuti gwero la mzere uliwonse lizidziwika. Ngati mbali ina unatenga m'chikalata chachinsinsi cha kampani, isiye. Apanso njira ya kachidutswa kolumikizira ikukupepukitsira, poti zambiri zokayikitsa zimatsala kunja.

Tibwere kunyumba tsopano, chifukwa kumeneko n'kumene ndikuona kuti bala lenileni lili. Chibwenzi chako sichikulakwa kwenikweni. Mawu ake akuti ntchito yaulere, koma ine ndikumva akufunsa kuti miyezi 8 ya madzulo ako inapita kuti, ndipo iye ali pati. Munthu wogona 1 koloko tsiku lililonse amadzuka ali wina, wosachedwa kupsa mtima, womva ndi khutu limodzi. Usamuyankhe ndi mbiri ya Linux, yoti nayenso Torvalds anayamba ali mwana wasukulu ku Helsinki mu 1991 popanda womulipira. Zimenezo n'zoona koma si zimene akufunsa. Khala naye pansi, umuuze kuti unapitirira muyeso, mugwirizane masiku, mwina madzulo awiri pa sabata ndi Loweruka m'mawa, ndipo masiku enawo laputopu izikhala yotseka. Kernel sithawa. Mpata umodzi wolandirira zatsopano ukakudutsa, wina umabwera pakangotha masabata 9 kapena 10.

Pa za ndalama ndilankhule mosamala, ndisakulonjeze zomwe si zanga. N'zoona kuti ambiri olemba kernel masiku ano amalipidwa ndi makampani, ndipo n'zoonanso kuti patch ikalandiridwa dzina lako limakhala mu mbiri ya git, pomwe aliyense wofuna kulemba munthu ntchito angaone yekha, popanda kalata ya umboni. Ndemanga zako zoyankha modekha nazonso zimaoneka, choncho poyera pomwe ukupaopapo n'pomwenso pangakuchitire umboni. Koma patch imodzi si ntchito, ndipo sindikufuna ukamuuze mtsikanayo kuti ndalama zili m'njira. Chomwe ungachite ndi kuyang'ana pulogalamu ya Linux Foundation yophunzitsa olemba kernel atsopano, yomwe Shuah Khan wakhala akuitsogolera, komwe umapatsidwa munthu wokuyendetsa. Munthu wofika kumeneko atadzutsa kale chip ndi manja ake safika chimanjamanja. Ndipo sukulu ija, ngati ikudalira kabolodi kako kuti ana aphunzire, si mwano kuipempha kuti izikuthandizako pa bandulo ya intaneti.

Ndiye usiye? Utha kusiya, ndipo sindingakuone ngati wolephera. Cholinga chako choyamba chinali choti ana apeze intaneti. Ukakonza chipata chija, wachikwaniritsa, ndipo driver yako ikhoza kukhala kunja kwa kernel monga zilili zina zambiri. Mtengo wake ngwakuti kernel ikasintha uzikonza wekha, ndipo tsiku lomwe udzatope, kabolodiko kadzatsalira pa kernel yakale monga momwe kampani ija inakusiyira. Ngati wasankha zimenezo, lemba mizere iwiri yothokoza omwe anawerenga, unene kuti pakadali pano sungathe kupitiriza. Munthu wina wokhala ndi bolodi yomweyo, ku Brazil kapena ku Vietnam, adzapeza zolemba zakozo n'kuyambira pomwe unasiyira.

Utha kupumanso osasiya. Ena amayambira pa zazing'ono: kuyesa ma patch a anzawo pa bolodi yomwe ali nayo n'kupereka Tested-by, zomwe osamalira amaziyamikira chifukwa sangakhale ndi chipangizo chilichonse pa desiki pawo. Ngati ukufuna kunola luso popanda kuopa kuwononga za kusukulu, QEMU imayerekeza makhadi a e1000 ndi rtl8139, ndipo ikagwa umangoiyatsanso. Buku la Linux Device Drivers, lomwe Jonathan Corbet, Alessandro Rubini ndi Kroah-Hartman anatulutsa kachitatu mu 2005, limapezeka mwaulere ndipo mutu wake wa ma driver a netiweki ukuthandizabe pa kaganizidwe, ngakhale mayina a ma function ambiri anasintha.

Koma ukandifunsa ine, malume ako, chomwe ndikuona m'kalata yako, ndi munthu yemwe sakufuna kusiya. Wofuna kusiya salemba dzina la uthenga wa dmesg molondola chonchi. Ndiye nali ganizo langa. Sabata ino usalembe code. Tsegula fayilo ya dwmac-rk kapena ina yofanana nayo, uiwerenge pambali pa driver yako, uone kuti ndi ziti mwa zomwe unavutika nazo zomwe stmmac ikuchita kale. Zikuwawa, koma upezanso malo angapo omwe udzati, apa ndikudziwa chifukwa chake. Kenako muyankhe uja anakuuza za Synopsys. Umuthokoze, umuuze kuti wayamba njira yomwe ananena, ndipo umufunse funso limodzi lenileni, mwina la RGMII lija. Masabata atatu achete asakudetse nkhawa, kumeneko anthu amabwerera patapita miyezi ndipo palibe amafunsa komwe anali.

Ukadzatumiza ulendo wachiwiri, yembekezera kuti kudzakhala wachitatu ndi wachinayi. Ma driver atsopano ambiri amadutsa momwemo, ndemanga zikucheperachepera ulendo uliwonse. Undilemberenso ukafika pamenepo, ndikufuna kudziwa ngati chinali chipata kapena thumba lopanda chimanga. Amayi uwapatse moni wanga, ndipo tsiku lina uwatengere kusukulu kuja ana ali pa makompyuta, uwaonetse kabolodiko ndi timagetsi take tikuphethira, uwauze kuti galimoto yomwe umayendetsa ija ndi imeneyi.

Malume